Ndani Sanabwere?

Blanchardstown,
Dublin 15,
21 Febuluwale, 2010.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani mutadzukako bwino, komanso kuti mwendo uja ukumvera pang'ono ndi pang'ono. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa, moti ngakhale eni dziko akudandaula. Sukulu ikuyenda, ndipo musade nkhawa, sindinajombepo. Ndayambira dala pamenepa chifukwa ndikudziwa kuti ndilo funso loyamba limene mukanandifunsa.

Amayi andiuza zonse, ndipo musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza ndine. Akuti khonsolo ya tawuni ya Mlombwa yagwirizana kuti sukulu yatsopano ya kuseri kwa msika itchedwe dzina lanu, Kasapo, ndipo mwambo wotsegulira uliko mwezi wamawa. Akutinso anthu akabwera kudzakuitanani mukumawabweza muli kuchipinda, n'kutuma Amayi kuti akawauze kuti maina a sukulu ndi a anthu akufa. Bambo, ine ndi mwana wanu, ndiloleni ndinene mosapita m'mbali. Nkhani si ya anthu akufa. Chidwalireni chaka chatha simunatulukepo pageti. Simukufuna kuti anthu amene ankakuonani mukuuluka pa njinga yamoto akuoneni mukukoka mwendo, kapena amve lilime likukana kutchula mawu ena. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri, ndipo ndakhala ndikusowa poyambira. Tsopano ndapeza poyambira, koma muyambe mwamva zimene zinandichitikira Lamlungu lapitali.

Kuno timapemphera m'holo ya sukulu ina ku Lucan, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia pamodzi. Chuma cha dziko lino chagwa, Bambo. Makampani akutsekedwa, nyumba zomanga theka zangoima opanda wozimaliza, ndipo ana a eni dziko akuthawira ku Australia ngati mmene athu amathawira ku Joni. Mwa amene ntchito inawathera muli a Bennet, bambo a ku Chipata amene amatiimbira kiyibodi. Ankagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina kuno ku Blanchardstown. Iwo sanauze munthu. Anangoleka kubwera, foni osayankha, ndipo ife tinazolowera kuimba ndi manja okha. Wina akafunsa za iwo, ena ankayankha kuti kuno si kumudzi, munthu sumupitira kunyumba asanakuitane. Inenso ndinkagwedeza mutu kuvomereza, poti ndi mmene amakhalira kuno.

Ndiye pali a Louisa. Ndi namwino, mayi wamkulu kwa ine, wa mawu osafuna maikolofoni. Anatha nthawi osaoneka kutchalitchi chifukwa kuchipatala ankawaika pa ntchito Lamlungu lililonse. Tsiku limeneli anabwera. Abusa atangotseka ndi pemphero, ife tikuthamangira tiyi, iwo anaima n'kuomba m'manja.

"Tadikirani kaye! Ndani sanabwere?"

Bambo, ndinatembenuka kuwayang'ana. Funso limenelo ndi lanu. Ndikukumbutsani poti mwina mukuyesa kuti linaiwalika: pamene munali mkulu wa maphunziro pa boma, mukafika pasukulu ahedi ankakhala atakonza nyimbo, mabuku atawayala bwino patebulo, koma inu munkangodutsa zonsezo, kulowa m'kalasi n'kufunsa anawo funso limeneli. Ndinakula ndikulimva, koma sindinaganizepo kuti ndingadzalimve ku Ulaya.

"Aunty, ndi a Bennet," anayankha a Manfred, mlembi wathu. "Koma akufuna space, ali ndi ma problem awo."

"Space yake iti? Munthu kulibe since November, inu muli busy kumwa tea? Racheal, tenga jacket, tikukwera bus."

A Louisa sankadziwa kuti ndine mwana wanu. Kuno timaitanana maina oyamba, ndipo tsiku limene anandifunsa kuti kwathu n'kuti ndinayankha kuti ku Dedza, monga munatiphunzitsira kuti kwanu ndi kumene kuli manda a makolo, osati kumene ukugwira ntchito. Iwonso anatchula mudzi wa kwa amayi awo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tinakwera basi mpaka ku Finglas, kumene a Bennet amachita lendi. Makatani onse anali otseka. Tinaliza belu, zii. A Louisa anawerama pa kabowo koponyera makalata n'kukuwa kuti, "Odi kuno!" Katani ya m'mwamba inagwedezeka, ndiye tinadziwa kuti munthu alimo. Ine ndinati tibwerere, tayesetsa. Iwo anangotulutsa chitenje m'chikwama, kuchiyala pa kampanda ka njerwa ka kutsogolo kwa nyumbayo, n'kukhala pansi. Kenaka anandilozera pambali pawo.

"Sitigogodanso. Timangokhala. Ndi mmene ankachitira."

"Ankachitira ndani?" ndinafunsa dala.

"Kunali chimunthu china ku Mlombwa kumene ndinakulira, a DEO a Kasapo. Thalauza kuipisa m'masokosi, chipewa cha njinga chokhala ngati mphika, ndipo asanalankhule ankayamba akhosomola, chonchi."

Anakhosomola, Bambo, ndendende mmene mumachitira. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Anandifotokozera kuti ali Sitandade 6 bambo awo anamwalira, amalume awo n'kunena kuti sukulu yakwana, azikagulitsa mandasi padepoti. Tsiku lina m'mawa anangomva njinga yamoto ikuima pabwalo, ahedi ali kumbuyo atakugwirani m'chiuno, maso ali psu ndi fumbi. Akuti simunakalipe. Munapereka moni, mpando munaukana, n'kukhala pansi pakhonde. Munafunsa amalumewo za mvula ndi za mitengo ya fodya, kenaka munangoti, "Tikudikira Louisa, tipite naye kusukulu." Dzuwa linafika pamutu muli pomwepo. Mawa lake munabweranso, ndipo anthu a m'deralo anayamba kusonkhana, amayi ena mpaka kubwera atamanga zitenje m'chiuno poyesa kuti pachitika zovuta. Pamenepo amalume analowa m'nyumba n'kunena kuti, "Iwe, tenga mabuku ako uzipita, anthu akuyesa pano pali maliro."

"Ndinamuda munthu ameneyo, Racheal," anatero a Louisa. "Ndinalowa m'kalasi anzanga akundiseka kuti ndabwera pa njinga ya boma. Koma injection iliyonse imene ndimabaya lero ndi ya iyeyo. Ndipo ku Mlombwa mpaka lero, kaya ndi kumvano, kaya ndi kumsonkhano wa pamsika, sitiyamba tisanafunse kuti ndani sanabwere. Ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti anayambitsa ndani. Mzimu wake uuse mumtendere."

"Aunty, sanamwalire," ndinatero. "Ndi bambo anga."

Anatsegula pakamwa, koma asanatulutse mawu chitseko cha nyumba yoyandikana chinatseguka, n'kutuluka agogo achizungu atanyamula tsache m'manja. Apa m'pamene tinalakwitsa, Bambo. Tinali titavala za kutchalitchi, majasi akuda tonse awiri, a Louisa atanyamula chikwama chakuda cha Baibulo, tili phee kuyang'anitsitsa chitseko cha munthu. Ku Mlombwa aliyense akanadziwa kuti ndi alendo odikira. Kuno, masiku ano amene anthu akutulutsidwa m'nyumba chifukwa cholephera kulipira, agogowo anayesa kuti tatumidwa ndi alandilodi. Anatilalatira m'Chingerezi chawo chothamanga chija kuti tilibe manyazi, kuvutitsa munthu wabwino pa tsiku la Mulungu, ndipo tikapanda kuchoka aitana apolisi. A Louisa anayesa kufotokoza kuti tangokhala basi, koma zimenezo zinangowonjezera moto, chifukwa kuno munthu sangokhala pampanda wa mwini m'chisanu popanda cholinga choipa. Aneba ena anayamba kusuzumira m'mawindo. Agogowo anatulutsadi foni.

Ndi phokoso limeneli limene linawatulutsa a Bennet. Chitseko chinatseguka, iwo n'kuthamanga ali ndi masokosi okha.

"Peggy, Peggy, it's okay! Ni ba church aba!"

Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala, atavala jasi ndi chipewa chifukwa hita anali atasiya kuyatsa. Agogo aja, a Peggy, anatsitsa tsache. Tinamva pambuyo pake kuti ndi iwo amene ankawasiyira supu pakhomo masabata onsewa. A Bennet anaima pakati pathu atazolika, osatha kutiyang'ana kumaso.

"Ba Louisa, sin'nafune kuti munione so. Nchito inasila. Manje nizakamba chani ku bantu?"

"Ndani wakufunsani za ntchito?" anayankha a Louisa. "Ife tabwera chifukwa keyboard ikuchita dzimbiri, ndipo nyimbo akumatsogolera ndi a Manfred. Tikuvutika, achimwene. Timvereni chisoni."

A Bennet anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, ndipo a Louisa anawafunditsa chitenje chija ngati mwana. A Peggy anatipepesa mpaka kutopa, n'kutilowetsa tonse m'khitchini mwawo kukamwa tiyi. Lero a Bennet anabwera kutchalitchi atameta bwino, ndipo anaimba. Ntchito sanaipeze, sindikunamizani. Koma zadziwika kuti amene inawathera ndi ambiri kuposa mmene tinkaganizira, aliyense ankangobisa, ndipo agwirizana kuti azikumana Lachitatu kuthandizana kufunafuna.

Pobwerera m'basi tsiku lija ndinawafunsa a Louisa kuti anamva kwa yani kuti munamwalira. Anati palibe anawauza. Mchemwali wawo, a Eliza, amene amagulitsa nsalu mumsika wa Mlombwa, anangowauza kuti sukulu akuitcha dzina lanu ndipo simuonekanso m'tawuni, iwo n'kungomaliza okha kuti basi munatisiya. Mwaona, Bambo? Mukuopa kuti dzina la sukulu likusandutsani wakufa, koma chimene chikukuikani m'manda muli moyo ndi chitseko cha kuchipinda chija.

Tsopano apa mundikhululukire. Ndinawauza a Louisa zoona zake, za matenda, za mwendo ndi za anthu amene mukuwabweza. Kenaka anatulutsa foni n'kuimbira a Eliza m'basi momwemo, mokweza, azungu onse akutiyang'ana. Mmene ndikulemba pano nkhani yafika kale patali. Amene munawatenga m'makomo mwawo akuuzana, ndipo aliko ambiri kuposa amene inu mukuwakumbukira: wina ndi dalaivala wa ambulansi, wina ndi mphunzitsi pasukulu yatsopanoyo, ena ndi amayi a pamsika amene sanapite patali koma amalemba ndi kuwerenga okha. M'mawa wa tsiku la mwambo adzabwera kwathu. Sadzagogoda, ndipo sadzakukakamizani. Adzangokhala pakhonde. Ngakhale a Benedict, ahedi aja munkawakweza kumbuyo kwa njinga, ati adzabwera, koma adzanyamula mpando wawo chifukwa msana munawathyola ndinu m'mabampu a msewu wa kudepoti.

Ndikudziwa kuti pofika pamenepa mwakwiya, ndipo mwina mwaitana kale Amayi kuti adzamve zimene mwana wawo wachita. Kwiyani, ndalakwa kuulula za m'nyumba. Koma ndinawaona a Bennet ataima pamsewu ndi masokosi, akuyembekezera kuti tiwaseka, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi maganizo amenewo. Tinangosangalala kuti tawaona. Anthu a ku Mlombwa sakufuna njinga yamoto, Bambo, ndipo sakudikira kuti mukalankhule mawu ataliatali. Akufuna akuoneni mutakhala pamenepo, ndodo yanu ili pambali, ana amene adzaphunzire m'sukuluyo adziwe kuti dzina lili pachikwangwanilo ndi la munthu amene amapuma, amaseka ndiponso amakwiya. Mukachedwa kutuluka adzadikira, poti amene anawaphunzitsa kudikira mukumudziwa.

Ine sindidzakhalapo. Mayeso akuyamba sabata yomweyo, ndipo ndikudziwa kuti nditati ndijombe chifukwa cha mwambo, mungandibweze pageti ndinu. Zikundiwawa, chifukwa ndikanakonda kuti podzatsika masitepe a pakhonde mudzatsamire paphewa langa. Mudzatsamire pa Amayi. Akhala akudikira kuti muwalole.

Mundiperekere moni kwa Amayiwo, muwauze kuti abwereke mikeka kwa aneba athu a Scholastica chifukwa khonde lathu ndi laling'ono, komanso kuti suti yanu yotuwa ija aitulutse msanga iombedwe mphepo. A Louisa akupereka moni wogwada, ndipo akuti za chipewa cha mphika zija muwakhululukire, ankayesa kuti akunena munthu amene sangamve. A Bennet nawonso akuti ndikuuzeni kuti zikomo, ngakhale simunaonanepo.

Pomaliza ndili ndi pempho langalanga. Chidwalireni simunalankhule nane pafoni. Ndikaimba ndimakumvani mukupuma chapafupi, Amayi n'kumanena kuti mwagona. Ndakusowani, Bambo. Ndidzaimba Loweruka masana, ndipo chonde mudzaitenge ndinu. Mudzalankhule pang'onopang'ono mmene lilime lingalolere, ngakhale kutakhala kundikalipira. Sindidzadula.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Racheal