Galimoto ya Malemu Yapendekera Kumanzere

Silver Spring, Maryland
Lamulungu, 15 Meyi 1983

Okondedwa achimwene a Fryson,

Ndikhululukireni poyamba ndi nkhani ndisanafunse za moyo. Pali zinthu zitatu zofunika kuti mumange msanga, ndipo ndikayamba ndi malonje pepala litha ndisanazinene. Choyamba, kodi mukundilola kuchotsa masipuling'i akumbuyo pa galimoto ya malemu achimwene a Medson? Chachiwiri, mukalola, tiikepo amtundu wanji, pakuti ine ndi mwana wawo Stafford sitikugwirizana? Chachitatu, alamu a Marjorie awauze ndani, inu kapena ine?

Mukukumbukira kuti pamaliro paja munanena pamaso pa abale onse kuti katundu wa malemu, wakumudzi ndi wakuno yemwe, asakhudzidwe mpaka chiliza chitamangidwa ndipo banja litakhala pansi. Mawu amenewo alamu anabwera nawo kuno ndipo akuwasunga kwambiri. Nsapato za malemu zikadali pakhomo pomwe anazivulira. Galimoto yokha ndiyo imayenda, chifukwa ku Upper Marlboro munthu wopanda galimoto safika ngakhale kugolosale. Alamu akuti kuyendetsa si kukhudza, koma kumasula bawuti ndiko kukhudza.

Galimotoyo ndi ija munaiona pachithunzi, Plymouth yobiriwira ya 1969, ya injini yaikulu yoti ikalira mazenera a nyumba amanjenjemera. Kumbuyo kwake kuli masipuling'i onga a malole akwathu: zitsulo zazitali zopindika ngati uta, zosanjikizana, mpukutu umodzi mbali iliyonse. Chitsulo chapamwamba ndicho chachitali, ndipo ndicho chimamangirira ekiselo ya matayala akumbuyo kuthupi la galimoto.

Pa Pasaka, pochokera kutchalitchi, ndinkaitsatira pambuyo ndipo ndinaona kuti yapendekera kumanzere, komwe kuno ndi mbali ya dalaivala. Loweruka lotsatira ndinapita ndi tepi yoyezera. Ndinaiimika pamalo osalala, ndinapopa matayala kuti mpweya ufanane, kenako ndinayeza kuchokera pansi kufika pa madigadi, chitsulo chophimba tayala. Kumanzere kunali kotsika kupitirira inchi. Ndinabwereza kuyeza poganiza kuti mwina ndalakwitsa. Pomaliza ndinakwawira pansi ndi tochi n'kupukuta dzimbiri. Achimwene, chitsulo chapamwamba chija chili ndi mng'alu pakati, wopyapyala ngati tsitsi. Makanika amene ndinamufunsa anati chikathyoka galimoto ikuthamanga, ekiselo imabwerera m'mbuyo mbali imodzi, ndipo galimoto imakhota yokha ngakhale utagwiritsa chiwongolero chotani. Sabata yatha ndinayezanso. Yatsikanso, pang'ono chabe, koma yatsika.

Nditawauza alamu, anandiitanira pazenera la kukhitchini n'kuloza panja.

"Alamu, mukuona mmene yakhaliramo? Imeneyo ndi mbali ya bambo a Stafford. Zaka zonse zija ankakhala pamenepo, ndi thupi lawo lija. M'mawa ndikasuzumira ndimangoti ali momwemo, akumalizitsa nyimbo pawailesi asanalowe m'nyumba. Ndiye inu mukufuna muiwongole?"

Ndinawafotokozera za mng'alu uja, ndinajambula ndi papepala pomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto mwaulemu, kenako anati, "Akulu anu kumudzi akuuzani kuti mumasule? Ndibweretsereni mawu awo, ine ndilibe chonena."

Stafford ndiye wavuta mwa njira ina. Iye akuvomera kuti masipuling'i asinthidwe, koma akufuna olimba kwambiri, a zitsulo zambiri, ndi zokolekera zazitali, kuti kumbuyo kukwere mainchesi atatu ndipo alowetsemo matayala otambalala. Ndimo achinyamata akuno amakondera, galimoto yozondoka mphuno pansi ngati nkhumba yofukula. Ndikamulankhula m'Chichewa amamva zonse koma amayankha m'Chizungu, ndiye ndikumasulirani. Akuti, "Ankolo, inu mukufuna ioneke ngati ya abusa. Adadi ankafuna kuikweza kalekale, amangoopa amami." Ngati malemu ananenadi zimenezo sindikudziwa, kwa ine sanatchulepo. Masiku ano ndikafika amafuula kuti, "Bisani galimoto, abwera Ankolo a Tepi!" ndipo mlongo wake Priscilla amaseka mpaka misozi. Inenso ndimasekako, koma tepiyo ndimakhala nayodi m'thumba.

Maganizo anga ndi awa. Tigule masipuling'i atsopano mbali zonse ziwiri, chifukwa kusintha mbali imodzi kungopendeketsa galimoto kwina. Akhale a muyezo umene inabwera nawo, kuti ikhale pamsinkhu wake wakale, osakwera osatsika. Ndawerenga mabuku awiri a ku laibulale pankhaniyi. Ukakweza kumbuyo ndi zitsulo zouma, galimoto imadumpha pamabampu, matayala sagwira bwino msewu, ndipo pokhota kukagwa mvula kumbuyo kumathawira kutsogolo. Ndi injini ngati imene ija komanso phazi la mnyamata wa zaka makumi awiri, sindifuna n'kuganiza komwe. Ndamuuza zonsezi. Yankho lake n'lakuti ine ndimaopa ngakhale chikepe cha ku ofesi, ndipo amvera inu nokha. Choncho alamu akudikira inu, Stafford akudikira inu, ndipo chitsulo chija sichikudikira munthu.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ukwati wa Priscilla mwezi wamawa. Iye wanenetsa kuti popeza bambo ake sadzakhalapo kuti amuperekeze, galimoto yawo ndiyo idzamunyamule. Ndani angamutsutse mwana polankhula choncho? Ukwati adzadalitsira ku Upper Marlboro, madyerero ku Springfield, ndipo pakati pake pali msewu waukulu wozungulira mzinda ndi mlatho wautali wa pa Potomac, umene uli ndi mfundo zogunda matayala njira yonse. M'galimotomo mudzakhala mkwatibwi, mkwati ndi operekeza. Ndipo mukuwadziwa anthu akwathu, buti ikakhala ndi malo salola kuti ipite yopanda kanthu. Amayi akumpingo ayamba kale kunena kuti miphika ndi makireti zidzakwera momwemo.

Ndinayesa kuimba lamya ku positi ofesi ya kwanuko kuti akuitaneni, koma mzere umangoduka. Sindikufuna kudumpha mawu anu. Ndinu wamkulu wathu, ndipo ndikamasula bawuti imodzi ndekha, anthu adzati wamng'ono wa ku Amereka wayamba kugawa chuma cha mbale wake chiliza chisanamangidwe. Mukalola, ndikulonjeza kuti masipuling'i akalewo sinditaya. Ndiwatsuka, ndiwakulunga bwino, ndiwasunga m'galaja ya alamu, kuti tsiku lokhala pansi lija pasadzasowe ngakhale nati imodzi ya malemu. Muwalembere alamu mawu amenewa ndi dzanja lanu, mwina angamve.

Tsopano za lero. Titaweruka kutchalitchi anafika pano ndi galimoto yomweyo: Stafford pachiwongolero, alamu pambali pake, Priscilla kumbuyo. Anabwera kudzatenga mkazi wanga Patricia ndi mwana wathu Lizzie kuti apite ku Springfield kwa telala, popeza Lizzie ndiye adzamwaze maluwa paukwati. Ine ndinatuluka ndi makiyi a kagalimoto kanga, ndikuti ndiwaperekeze ndekha. Alamu anatsitsa galasi n'kundiyang'ana.

"Alamu, mwayamba kunyansidwa nayo galimoto ya mbale wanu? Mwana wanu sangakwere mmene anga akukwera?"

Analankhula motsitsa mawu, koma aliyense anamva. Patricia ananditsina pamkono n'kunong'ona kuti, "Bambo a Lizzie, musatichititse manyazi, ndi pafupi pompa." Ndikanati chiyani kwa namfedwa, ana ake ali pomwepo?

Lizzie anathamanga n'kukakhala kumbuyo kwa dalaivala, kumanzere, pamwamba penipeni pa chitsulo chija. Ndinamuuza kuti asunthire pakati, iye anati akufuna pazenera. Onse atakwera, kumbuyo kunakhala pansi mpaka tayala linabisika theka. Potsika kulowa mumsewu, paipi ya utsi inakhula simenti. Stafford anatulutsa dzanja n'kufuula kuti, "Musayeze msewu, Ankolo!" Lizzie ankandibayibitsa pagalasi mpaka anakhota.

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga pepalali chifukwa manja anga amafuna chochita. Nditayamba kulemba kunali dzuwa. Panopa kwagwa mvula yamphamvu. Anati sachedwa, n'kuyeza diresi chabe. Ndaimbira telala uja, akuti ananyamuka kale.

Mundiperekere moni kwa alamu kumudziko ndi ana onse. Amayi muwauze kuti tili bwino, za galimotozi musawauze. Pondiyankha ine musadalire kalata, imachedwa. Pitani ku positi mukatumize telegalamu tsiku lomwe mwalandira ino, ngakhale mawu amodzi okha oti "masula" andikwanira. Ndikanalemba zambiri za kuntchito ndi za sukulu ya Lizzie, koma lamya ikulira pabalaza, ndipo m'nyumba muno ndili ndekha.

Yankhani msanga, achimwene.

Ndine mng'ono wanu,
Augustine