Mpando Pomwe Anausiya

Lolemba, 3 Malichi
Miyezi iwiri chimwalirire mayi akunyumba. Lero ndatulutsa galimoto koyamba. Mpando uli pomwe anausiya, kufupi ndi chiwongolero. Iwo anali aafupi, ine wamtali. Mawondo kugunda, msana kupindika. Sindinausunthe. Galasi loonera kumbuyo nalonso ayi. Kwa ine likungoonetsa mpando wakumbuyo, wopanda munthu. Kafungo ka mafuta awo odzola kakadalimo.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndayenda pang'onopang'ono, poti miyendo ilibe malo. Pa mizere yowolokera anthu ndinaima. Mayi wina wa ambulera kuwoloka osafulumira, ngati akuyenda m'madzi. Kumbuyo mahutala. Wa minibasi pondipitirira: "Achimwene, mwabwereka laisensi ya akazi anu?" Ndinaseka ndekha. Mawu otere ndinkawanena ine. Zaka khumi ndi ziwiri ndinayendetsa galimoto yomweyi, iwo ali pambali. Maloboti ndinkadutsa atafiira kale, lamba ndinkamanga ndikaona apolisi. Atatenga laisensi yawo anandilanda chiwongolero, osabwezanso. Ankayatsa indiketa ngakhale polowa pageti pathu. Ndinkawafunsa ngati akudziwitsa nkhuku. Ankangoyankha kuti nkhuku nazo zili ndi ana.

Lachiwiri, 11 Malichi
Masana, pamphambano, dzuwa lili phwee pagalasi. Ndinaona ngati manja awo ali pachiwongolero pamwamba pa anga, mphete ikunyezimira. Ndinakhota osaona kumbuyo. Wa njinga yamoto m'ngalande. Wadzuka yekha, chigongono chokha chasupuka. Mulungu ndi wabwino. Wapolisi wamkazi anasuzumira m'kati, kuyang'ana mawondo anga, kuyang'ana galasi. Anafunsa amene amayendetsa masiku onse. Ndinamuuza. "Pepani bambo. Koma galasili likuonera munthu amene kulibe." Anandichenjeza, n'kundilola kupita.

Loweruka, 15 Malichi
Mwana wanga wamkazi wamva. Wabwera ndi mwamuna wake. Akuti ndisankhe: ndikonze mpando ndi galasi, apo ayi ndimupatse makiyi, azindiyendetsa iye kumene ndikufuna. Laisensi anatenga chaka chatha. Mkamwini anaseka, ati akazi pamsewu ndi amantha, tizikafika mawa. Mwana anangomuyang'ana. Ndapempha sabata imodzi.
Zovala abale anagawana. Kukhitchini mwasintha. Chimene chatsala momwe anachisiyira ndi mpando wokhawu.

Lachisanu, 28 Malichi
Sabata yakhala ziwiri. Galimoto pansi pa mtengo, masamba padenga. Ndimakhalamo masana osaliza injini, mawindo otseka. Nthawi zina ndimamva ngati tikuyenda, mpanda ukutsalira m'mbuyo mwakachetechete. Dzulo dzanja linafika pachitsulo chosunthira mpando. Chozizira. Ndinalibweza. Koma chigongono cha munthu uja sichikundichoka m'maso.

Lamlungu, 6 Epulo
Ndamupatsa makiyi. Msinkhu ndi wa mayi ake, ndiye ndinati akwana bwinobwino, mpando sukhudzidwa. Mumtima ndinkayembekezera kuwaonanso: msana chilili, manja onse awiri pachiwongolero.
Iye kungolowa, dzanja pansi, gwa! mpando kumbuyo. Ati amakonda kutambasula manja. Galasi kulipotoza ndi zala ziwiri, uku akundifunsa ngati ndamwa mankhwala. Basi. Zatha choncho.
Tisanafike pasitolo, giya yachinayi. Hutala kwa wa minibasi. Loboti yachikasu, iye kuponda moto. "Musaope ababa, ndinkaonera inu ndili kumbuyoku."
Ine pambali, lamba wothina, dzanja pachitseko. Phazi lamanja likungoponda pansi, kufuna buleki pomwe palibe. Ndinayang'ana. Pamenepo kapeti ndi yoperepeseka kale, kadzenje kokwana chidendene chaching'ono. Sindinakakumbe ine.