Dzira m'chisa cha eni

Lachinayi, 15 Okotobala 1981, Wheaton

Lero kwazizira kuno kudziko la azungu, koma mtima uli m'malo.

Tsiku lonse ndimatayipa zolemba za aprofesa a za mbalame amene ndimawagwirira ganyu ku yunivesite. Mutu wa lero unali wa kambalame kena ka ku Asia, kotuwa, kamizeremizere pamimba. Kamadya mbozi, ndipo kwawoko kukazizira kamauluka mpaka kufika kufupi ndi kwathu. Chisa sikamanga ayi. Kamaikira dzira m'chisa cha kambalame kena konga timba, n'kumapita. Mwini chisa amafungatira dziralo, n'kulera mwana mpaka kumuposa msinkhu.

Ndinaleka kutayipa. Ndinakumbuka Tamanda wanga, amene ndinamusiya kwa achemwali ku Zomba asanayambe n'kuyenda komwe.

Pofika kunyumba ndapeza kalata ya achemwali, muli ndi chithunzi cha Tamanda. Nditamuuza Linda, mzungu amene ndimakhala naye, kuti Tamanda akuwatchula achemwali kuti amayi, wandikumbatira misozi ili lengelenge, ati pepa. Ine kuseka. Nanga awatchule kuti chiyani? Kwathu mchemwali wa amayi ako ndi amayi ako basi.

Achemwali alemba kuti, "Tsiku lililonse timamuonetsa chithunzi chako, timati awa ndi amayi ako enanso, akubwera. Iwe limbikira sukulu."

Kambalame kolera kaja kamalera kasakudziwa. Achemwali akudziwa, ndipo anachita kubwera okha ndi nsalu kudzamubereka. Mulungu awadalitse.

Koma tinsapato ndinamugulira mwezi watha tija, poona chithunzichi, tachepa kale...