Choimikira Chapita ndi Amalume

Lolemba, 8 Julayi

Tafika pa chilumba cha Abaiang, boti latikhutchumula mpaka matumbo kusinthana malo. Yunivesite yandituma kwathu konkuno kudzajambula maneaba yathu, nyumba ya misonkhano, isanaphwasulidwe Loweruka. Nyanja yadya kale maziko ake, ndiye akuluakulu agwirizana zoichotsa. Makina ojambulira ndi a kampani ya ku Brisbane, ndipo atiphatikizira munthu wawo, Lachlan, woti aziwalondera. Makinawo amakhala pa choimikira cha miyendo itatu, n'kumazungulira okha kujambula nsanamira iliyonse mpaka kudenga. Akangogwedezeka, chithunzi chawonongeka. L. wandiuza zimenezi mobwerezabwereza ngati ndine gonthi.

Lachiwiri, 9 Julayi

Amalume a Tekaai ndi okhawo otsala odziwa mayina a nsanamira zonse ndi banja lomwe limakhala pansi pa iliyonse pa misonkhano. Ndawapempha ndijambule mawu awo. Akuti, "Iwe Tebwebwe, zimenezo si zoika m'foni ngati nyimbo za kwaya." Kenako azungulira choimikira chija, achikweza, achitsitsa, n'kundiyang'ana mwachikondi chokayikitsa.

"Bubuti, mwana wa mchemwali wanga. Timiyendo timeneti."

Wachibale akati bubuti, pempho lake silikanidwa. Ukakana, dzina lako linunkha mpaka kwa zidzukulu. Ndapereka. L. anali kokasambira.

Lachitatu, 10 Julayi

L. wafiira ngati nkhanu yowiritsa. "Bwanji sunawauze kuti si chako?" Ndinawauza. Anandiyankha kuti nsomba zomwe amatipatsa nazonso si zawo, ndi za nyanja.

L. wapita yekha kukachilanda. Wabwerako atakhuta nsomba ndi madzi a kokonati, choimikira alibe, chipewa chakenso alibe.

Lachinayi, 11 Julayi

Choimikira ndachiona. Chili kuseri kwa nyumba ya amalume, achikweza mpaka pothera, nsomba zamchere zili lendelende pamwamba. Amphaka akhala pansi mozungulira, maso kumwamba ngati ali pa mapemphero. Amalume akuti azungu nawo akafuna kuganiza amaganiza.

Taika makina pa mgolo. Pansi pa maneaba ndi timiyala tokhatokha, mgolo ukungotekeseka makina akamazungulira. Nyumba yatuluka pa kompyuta ngati yaledzera. Kwatsala mawa lokha, amuna ayamba kale kunola zikwanje.

Ndalira, sindibisa. Maliro a bambo anga tinakhalira m'nyumba imeneyi, ndiye ithe opanda ngakhale chithunzi chowongoka? Amayi andipeza ndikufwenthera. Akuti, "Kodi sukuluyi yakusoka pakamwa? Bubuti ndi ya malume ako okha?" Ndati chomwe wapereka supemphanso, n'zamanyazi. Akuti, "Ndani wanena za miyendo yachitsulo? Mlongo wangayo alibe yake?"

Lachisanu, 12 Julayi

Amalume ndawapeza akutembenuza nsomba, chipewa cha L. chili kumutu. Ndati, "Bubuti, amalume. Miyendo yanu ndi manja omwe, tsiku lonse."

Andiyang'anitsitsa. "Wakutuma ndi mayi ako." Koma adzuka.

Ntchito yawo: kukhala pansi, kupana mgolo ndi miyendo, kuukumbatira, osagwedezeka. Munthu wazolowera misonkhano yoyamba m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndiye wangoti zii ngati chitsa. L. amangovina ndi chimwemwe.

Pa nsanamira ya kwathu panalibe vuto. Titasunthira pa yachiwiri, amalume aima. Mwamuna wamkulu sakhala pamalo pa banja lina osapepesa eni ake, amoyo ndi akufa, powatchula mayina. Ayesa kunong'ona. Ndati, "Amalume, eni akewo ena anali ogontha." Anditukwana pang'ono, n'kukweza mawu. Pa yachitatu chimodzimodzi. Pa yachinayi apumira m'mwamba.

"Amayi ako ndi mfiti. Yatsa kafoni kakoko, sindibwereza."

Tamaliza dzuwa likulowa. Nsanamira zonse, mayina onse. Atafika pa dzina la bambo, mawu awathawa, akuti ndi fumbi. Podzuka miyendo inachita dzanzi, tawanyamula ngati thumba la kokonati.

Loweruka, 13 Julayi

Denga ayamba kulisasula m'mawa. Sindinafune kuyang'ana. Takhala pakhonde pa amalume, L. watsegula kompyuta, nyumba yonse ili chilili, yowongoka. Koma m'munsi mwa chithunzi chilichonse mukuoneka zala za kumapazi kwa amalume, zikhadabo zokhota, pansi pa nsanamira iliyonse.

Amalume aseka mpaka kutsokomola. L. akuti tisadandaule, ku Brisbane akafufuta, kampani imafuna zoyera.

Kumbuyo kwathu nsanamira yoyamba yagwa, pansi pachita kugwedezeka. Kuseka kwatha. Amalume akungoyang'ana zala zawo pa kompyuta.

Ndati, "Lachlan, bubuti. Zala zimenezo zikhale."

Watsegula pakamwa, wayang'ana chipewa chake chili pamutu pa eni ake atsopano, watseka. Wachotsa dzanja pa kompyuta.