Dzino la Lusubilo lomwe ndinakwecha

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ine kuno ayi. Mwana wanu Yotamu akufuna kukazulitsa dzino la Lusubilo Loweruka likubwerali, kwa munthu wa pulayazi uja amakhala kuseri kwa msika. Nditamukaniza, wandiuza kuti ndisapondenso pakhomo pake. Ine amene ndinkamubereka kumsana inu muli kumunda!

Zilembo zikakhota mundikhululukire. Mukudziwa kuti m'kalasi sindinalowemo, izi ndi zomwe ndinatola m'buku la nyimbo. Koma nkhani iyi sindingapatse munthu wina kuti andilembere.

Ndiyambe ndi zabwino, mungati ndaiwala mwambo. Mkazi wa Yotamu anabereka mwana wamkazi chaka chatha, tinamutcha dzina lanu, ndipo kukwiya kwake ndi kwanu komwe. Nyemba zinavunda ndi mvula. Anyani a ku Mughese akutsikabe kudzathyola nthochi ngati anabzala ndi iwo. Khofi wakale uja wa kumtunda, amene ndinamudula patsinde inu mutangotisiya, anthu nkumandiseka, chaka chino wabereka mpaka nthambi kugwada. Munkati chitsa sichifa khungwa likakhalapo. Mawu amenewa andibwerera moipa, mumva.

Lusubilo, woyamba wa Yotamu uja munamusiya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tsopano ndi namwali, amaima kutsogolo m'kwaya. Sabata ziwiri zapitazo amandithandiza kutsitsa khofi kumakina osendera. Nkhungu inali itanyowetsa miyala ya pamtsinje. Anaterereka ndi dengu pamutu nkumenyetsa kamwa pamwala. Dzino limodzi la kutsogolo linatuluka lonse ndi muzu womwe, linzake linatsala likugwedera.

Ndinalitola m'matope. Muzu unali ndi tinyama tofiira, matope ali mbuu. Ndinati ine sindingapite ndi chinthu chauve pamaso pa anthu ophunzira, akati akumapiri sadziwa ukhondo. Ndinatenga phulusa ndi chitsononkho, nkulikwecha monga timakwechera tsinde la khofi kuti mbozi isaikire mazira. Ndinakwecha mpaka linayera mbee. Ndinalipukuta, nkulikulunga m'kansalu kouma. Yotamu anali kumunda wake wa kutsidya, sanaone. Tinakwera lole, kuchipatala cha kuboma tinafika dzuwa litapendeka.

Amene anatilandira ndi mayi woona za mano, wa kummwera, Chitumbuka chake cha moni yekha. Atamasula kansalu anandifunsa kuti, "Amama, dzinoli mwalitani?" Ine nkutukumula chifuwa, ndati ndalitsuka, kwathu sitisunga zauve. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira, ndikanamuyankha.

Anandiuza kuti tinyama tomwe ndinachotsa tija si litsiro. Ndi kanyama kopyapyala komwe kamamangirira dzino ku fupa, ndipo m'kati mwake muli tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, akuti maselo. Tina mwa ito ndi totsalira kuchokera pamene dzino linkaumbika mwana ali wamng'ono. Timangogona pamuzupo zaka ndi zaka, koma pakavulala timadzuka, timaswana, nkuthandiza kuti pamalopo pakonzeke. Anati ofufuza akutiyang'anabe, chifukwa akuona ngati tingathe kusanduka zina zomwe muzu ukusowa. Ndikanalitsukuluza pang'ono nkulibwezera pamalo pake pomwepo, kapena kuliika mumkaka, mwina likanagwira.

Ndinatsutsa, mukundidziwa. Ndinati dzino ndi fupa, fupa siliphuka. Iye anangondifunsa chomwe ndimalima. Nditati khofi, anati nanga mukadula patsinde, mphukira zimachokera kuti? Pamenepo, Amayi, ndinazindikira chomwe ndinachita. Ine ndimadziwa kuti m'khungwa muli timaso togona. Ndimadziwanso kuti pokwecha tsinde umangochotsa makwamba ouma, ukafika pobiriwira wapha mtengo. Ndakhala ndikukalipira antchito pa chimenechi moyo wanga wonse. Ndiye dzino la mwana ndinalikwecha mpaka poyera.

Lotsalalo anati likadali m'nyama yake, timaso take tilipo. Analimangirira ku anzake ndi kawaya, nkutiuza kuti mwana azidya zofewa, asalikhudze, ndipo waya akamasuka tibwerere msanga. Waya wamasuka Lolemba. Mwana akumva kupweteka, phala lomwe akumwera mbali imodzi.

Tsopano ndinene chomwe sindinauze munthu. Titafika kunyumba tsiku lija, Yotamu anafunsa kuti dzino lija lili kuti. Ine ndinangoti akuti silingabwerere. Sindinaname, komanso sindinamalize. Lusubilo anandiyang'ana, nkuweramitsa mutu. Mpaka lero sananene. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu akusunga manyazi a nkhalamba m'kamwa momwe muli bala.

Ndiye Yotamu wagwira pomwepo. Akuti achipatala analephera dzino loyamba, lomwe tinawapititsira lathunthu bwinobwino, nanga lachiwirili alitha bwanji? Akuti angomuzunza mwana ndi mawaya ngati mpanda wa nkhuku. Akuti khofi wapsa m'munda, sangataye tsiku lonse pa lole chifukwa cha dzino lofa kale, pomwe wa pulayazi amamaliza munthu asanameze malovu. Dzulo ndinapita kukamuletsa. Anandiseka, amvekere, "Adokotala a m'buku la nyimbo afika, apatseni mpando." Ine ndinamuyankha kuti mutu wake ndi mphero, umangozungulira pamodzimodzi. Mawu anakula. Mlamu analowa m'nyumba ndi khanda, Lusubilo ali pakhonde dzanja kukamwa. Ndipo pamene ndinayenera kunena kuti wolakwa ndine, ndinatola ndodo nkubwerera.

Munkati ife awiri tinayamwa liuma bere limodzi, mmodzi akati kummawa wina amati kumadzulo ngakhale dzuwa likuoneka. Tikamakangana munkatiika pamphasa imodzi mpaka wina ayambe kulankhula. Nthawi zonse ankayamba ndi iye. Ine sindinayambepo, ndipo ndinkanyada nazo. Lero mphasa ija ilipo, woikapo anthu ndiye palibe.

Likazulidwa lija, Amayi, latha. Chitsa ukachizula suyembekezera mphukira. Mwana adzatsala ndi chibowo cha mano awiri pakamwa, iye amene amatsegula kamwa kutsogolo kwa mpingo wonse. Lamulungu lapitali sanaimbe, anakhala kumbuyo ndi azimayi oyamwitsa. Limodzi ndamulanda ine ndi manja anga. Lachiwiri sindilola kuti limuchoke chifukwa cha pakamwa panga potseka.

Dzino lija ndikusunga m'kachitini ka singano. Ndimalitulutsa nkuliyang'ana. Ndi loyera kuposa onse amene ali m'kamwa mwa munthu aliyense kuno, ndipo lilibe ntchito.

Lero ndi Lachitatu. Mawa mmamawa ndikwera kwa Yotamu, andiletse asandiletse. Ndikakhala pansi pabwalo, osati pampando. Ndikamuika dzinolo m'manja nkumuuza pamaso pa mkazi wake ndi mwana kuti achipatala sanalephere kanthu, ndinalipha ndine ndi phulusa ndi chitsononkho. Anditukwane mmene angafunire. Khofi wake wa Lachisanu ndikathyola ndine, msana uwawe usawawe, ndipo ndikamutsitsa ndekha kumakina, kudutsa pamwala womwe uja.

Koma mlongo wangayo mukumudziwa. Akhoza kumva zonsezi nkuumirirabe, kuti angondionetsa. Ndiye inunso musangogona kumeneko. Ine mwandiyendera m'maloto kawiri konse kudzandifunsa za mbuzi zanu, njira mukuidziwa. Pitani kwa iye. Mukamuitane ndi dzina lonse monga munkachitira akaba uchi. Yotamu atenge mwana wake Lachisanu, akwere naye lole yoyamba, akamangitse waya uja. Osati Loweruka, osati khofi akatha. Lachisanu.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale muli moyo sindinkadziwa kunena. Ndikulonjeza kuti ulendo uno pamphasa paja woyamba kulankhula ndikhala ine. Mbali yanga ndichita. Yanu ndi Yotamu.

Ine mwana wanu woyamba,
Esinati