Mphini za Amayi Ako

Mwana wanga Esinati,

Uli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Katondwe tilipo, mawondo okha ndiwo asudzulana ndi njinga.

Tisa, mdzukulu wanga wophunzira zojambula uja, wakonza pakompyuta chithunzi chofwifwa cha malemu amayi ako. Wachiika mitundu, wandiimikanso ine pambali pawo. Koma mphini zakumaso wafufuta, akuti ankayesa litsiro. Ndinaseka nkumati, “Iwe, wandipezera kamtsikana ukalamba uno!”

Kusekako kunathera pomwepo. Tsopano ndikatsinzina, imabwera nkhope yosalala ija, ya amayi ako siikubweranso.

Chonde nditumizire chithunzi chawo chomwe unatenga chija. Ngati chinatayika, ungondikumbutsa: mphinizo zinali tsaya liti?

Mulungu akusunge ndi ana.

Ndine atate ako.