Nkhuku, ufa ndi apongozi pa chitunda cha matope

Yunike 9:04
a Davie muli pati ndi amayi? anamwino afunsanso kt wondidikirira ali kuti. zowawa zayamba kubwera pafupipafupi

Davie 9:06
tili mmunsi mwa chitunda chija. matope okhaokha, njinga yamotoyi ikwera ndi katundu mmodzi basi

Davie 9:07
ndili ndi apongozi, thumba la ufa ndi nkhuku yako ya msuzi. kuchoka kunyumba ufa unali pakati pathu. akuti popanda thumbalo sangakwere, mkamwini sagwiridwa mchiuno

Herbert 9:09
eee alamu mwandipatsa breakfast 😂 ili ndi funso lenileni la masamu. dzulo lomweli ndinawapatsa ana a form 2 longa lomweli

Yunike 9:10
achimwene njinga muli nayo. kuchoka ku Luwani sikutali. amayi ndi anu, kumbuyo kwanu akwera

Herbert 9:12
ukalowetsa njinga yachiwiri funso lafa, kumeneko ndi kubera mayeso. komanso ndili ndi period 9:30

Herbert 9:13
alamu mverani. nkhuku isatsale yokha ndi ufa, ijompha thumba. amayi asakwere opanda ufa. yambani mwakweza nkhuku, amayi adikire ndi ufa

Yunike 9:14
zoona nkhuku iyambe ndiyo. ndi imene yakhala ndi mimba miyezi 9

Davie 9:31
nkhuku ili pamwamba, ndaimangirira ku mtengo. ndabwerera

Herbert 9:33
good. tsopano ufa. mukafika pamwamba siyani ufa, tsikani ndi nkhuku

Davie 9:34
nditsikenso nayo?? ndangoikweza kumene alamu

Herbert 9:34
science imawawa poyamba

Yunike 9:36
🎤 0:09

Yunike 9:37
imeneyo si nyimbo ya kwaya, ndikubuula. pls ndikuopa, ndi mwana woyamba uyu. ndikufuna amayi

Herbert 9:52
limba mtima mlongo, kwatsala maulendo anayi okha

Davie 10:15
ndagwa kawiri. ufa uli pamwamba, nkhuku ndatsika nayo. koma apongozi palibe pomwe ndinawasiya

Davie 10:16
amayi ena akupalira apa akuti alowera njira ya mminda. nsapato mmanja

Herbert 10:20
ndiye asokoneza. pa pepala langa amayenera kukhala mmunsi mpaka ulendo wachisanu

Herbert 10:21
koma ndaona vuto. ulendo wawo umafunabe ufa pakati, ndiye katundu awiri. funsoli lilibe yankho alamu. interesting

Davie 10:22
mwadziwa liti zimenezi aphunzitsi

Herbert 10:22
pompano. ndimajambula pa bolodi

Davie 10:24
Yunike amayi akafika undiuze. ndikwezenso nkhukuyi kaye

Davie 10:58
Yunike?

Davie 11:30
📞 sanayankhe

Davie 11:31
alamu sakuyankha. njinga yazima, plug yanyowa. ndikukankha

Herbert 11:40
mwina network. ku chipatala cha Midzemba imavuta kukagwa mvula

Herbert 12:15
sis?

Herbert 12:47
📞 sanayankhe

Herbert 12:48
ndapempha kwa a head, ndikunyamuka

Yunike 13:52
musavutike a professor. mwana wabadwa 12:20, wamkazi, tonse tili bwino

Davie 13:52
Ambuye alemekezeke. ndatsala pang'ono, ndili ndi zonse

Yunike 13:54
zonse zake ziti

Yunike 13:55
amayi afika 12:50, matope mpaka mmawondo, phazi lang'ambika ndi chitsa. apeza zatha kale. anandigwira dzanja ndi mayi wina wa bedi la pafupi, dzina lake sindikulidziwa

Herbert 13:57
pepa mlongo. ndinkaganiza kt nthawi ilipo

Yunike 14:03
anamwino akuwamanga bala pano. afunsa kt agogo mulibe mwana wamwamuna wa njinga, mpaka kuyenda ulendo wonsewu wapansi?

Herbert 14:03
ayankha bwanji

Herbert 14:09
Yunike ayankha bwanji

Yunike 14:20
akuti ndili naye mmodzi, koma ndi wophunzira kwambiri